Musanagule Kamera ya Kanema, Yambani Mwafunsa

Loweruka lililonse m'miyezi imene mvula ya ku Mzuzu yapumako, munthu woyenda m'tinjira ta ku Salisbury Lines salephera kukumana ndi mnyamata wovala jekete, chikwama chakuda chili kumsana, miyendo itatu yoimikapo kamera ili paphewa, akudumpha ngalande pothamangira kutchalitchi. Ameneyo ndiye wojambula kanema wa ukwati. Ntchito imeneyi yakula zedi m'zaka zapitazi, ndipo achinyamata ambiri a ku Chibavi, Chiputula, Zolozolo ndi Mchengautuwa akuiona ngati khomo lotulukira mu ulova. Nawo makwaya, mipingo, masukulu ndi mabanja akufuna kusunga zochitika zawo. Onsewa amafika pa funso limodzi: kodi ndigule kamera yotani ndi ndalama zimene ndili nazo?

Chandichititsa kulemba nkhaniyi ndi zimene zinaonekera mwana wa mchemwali wanga, amene amakhala konko ku Salisbury Lines. Mkulu wake wa ku Johannesburg atamutumizira ndalama zoti ayambire bizinesi, iye anagula kamera kwa munthu wina wotsatsa malonda pa intaneti. Inali yonyezimira, yopepuka, ya dzina losadziwika, koma pambali pake panalembedwa 4K ndi zilembo zagolide. Ntchito yake yoyamba inali ukwati wa mnzake. M'tchalitchi munali kamdima, choncho nkhope za akwati zinatuluka zambuu ngati zathiridwa phulusa. Choopsa kwambiri chinali mawu. Pamene agogo a mkwatibwi anaimirira kuti alangize banja latsopanolo, kamera inatola phokoso la jenereta ndi kulira kwa ana, koma mawu a gogoyo osamveka ndi pang'ono pomwe. Chaka chisanathe agogowo anamwalira. Abale anabwera kudzapempha kuti amveko mawu awo omaliza, ndipo mnyamatayo anangoti kukamwa yasa. Ndalama za ntchitoyo anabweza, koma pajatu madzi akatayika saoleka.

KUMENE TACHOKERA

Achikulire akukumbukira kuti kale kanema m'dziko muno ankabwera pa galimoto za nthambi ya boma yofalitsa nkhani, ndipo anthu ankasonkhana pabwalo usiku kudzaonera pa chinsalu. Munthu wamba sankalota zokhala ndi makina akeake ojambulira. Kunja zinthu zinayamba kusintha pamene kampani ya JVC inatulutsa tepi ya VHS mu 1976, ndipo mu 1983 kampani ya Sony inatulutsa Betamovie, kamera ya anthu wamba yokhala ndi tepi m'mimba mwake momwe. Mu 1985, chaka chimene Mzuzu anakwezedwa kukhala mzinda, kunabwera Handycam yokwana m'dzanja limodzi. Mu 1995 kunadza timatepi ta MiniDV, ndipo mu 1999 dziko lathu linatsegula wailesi yake ya kanema, Television Malawi, imene inapatsa makwaya ndi oimba chifukwa chojambulitsira nyimbo zawo.

Kusintha kwina kwakukulu kunachitika mu 2008, pamene Nikon D90 ndi Canon EOS 5D Mark II zinaonetsa kuti kamera yojambulira zithunzi ingathenso kutola kanema wokongola. Lero tepi inatha ntchito. Zonse zimasungidwa pa kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Ndipo Amalawi aonetsa kuti luso lilipo, popeza filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapata mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016, ndipo ya Shemu Joyah yotchedwa The Road to Sunrise inapata mphotho yomweyo mu 2018.

FUNSO LOYAMBA SI LA MTENGO

Ambiri akalowa m'sitolo amayamba ndi kufunsa mtengo. Kumeneko n'kuyamba ndi mchira. Funso loyamba likhale lakuti: kodi ndidzajambula chiyani, kuti, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji? Amene akufuna kujambula mapemphero a maola atatu ali kumbuyo kwa tchalitchi, zofuna zake n'zosiyana ndi za mtsikana wogulitsa zitenje amene akufuna tizidutswa ta mphindi imodzi toika pa WhatsApp ndi TikTok. Wojambula ingoma pa mwambo wa Umthetho ku Hora kapena malipenga ku Nkhata Bay amagwira ntchito padzuwa ndi pafumbi, pamene wojambula phwando la usiku amalimbana ndi mdima. Khasu ndi nkhwangwa zonse ndi zitsulo, koma palibe amene amalima ndi nkhwangwa.

Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi kanemayo adzaonetsedwa pa chiyani? Ngati eni ake adzaonera pa foni ndi pa wailesi ya kanema ya m'nyumba, palibe chifukwa chogulira makina a mtengo wa galimoto. Tsono tiyeni tione magulu anayi a ogula.

WA THUMBA LOCHEPA

Woyamba ndi munthu amene ndalama zake n'zochepa kwambiri. Kwa ameneyu uphungu wanga ndi wakuti asagule kamera konse. Ayambe ndi foni imene ali nayo. Mafoni ambiri a masiku ano, kaya ndi Samsung, Tecno, Infinix kapena iPhone yogwiritsidwapo kale ntchito, amatola kanema wooneka bwino masana, kuposa timakamera tosadziwika maina ngati kaja kanapusitsa mwana wa mchemwali wanga. Wokayika akumbuke kuti filimu ya ku America yotchedwa Tangerine, ya mu 2015, inajambulidwa ndi mafoni a iPhone 5s ndipo inaonetsedwa m'nyumba zazikulu za kanema.

Ndalama zochepazo agulire zinthu zitatu: miyendo yoimikapo foni kuti chithunzi chisagwedere, kamaikolofoni kokoleka pa kolala ya wolankhula, ndi pawabanki. Adziwenso zofooka za foni. Mumdima chithunzi chake chimachita mchenga. Sikoka bwino zinthu zakutali. Imatentha ikajambula nthawi yaitali. Ndipo wina akaimba, kujambula kungadukire pakati, choncho ndi bwino kutseka netiweki musanayambe. Foni ndi yokwanira kwa wamalonda, kwa mphunzitsi ndi kwa banja lofuna kusunga chikumbutso, komanso ndi sukulu yabwino kwa wofuna kuphunzira ntchitoyi asanaike ndalama zambiri.

WA MISONKHANO YAITALI

Wachiwiri ndi mpingo, sukulu kapena bungwe lofuna kujambula mapemphero, misonkhano, masewero a mpira ndi miyambo yotenga nthawi. Awa afune kamera imene inapangidwira kanema basi, mtundu wa Handycam ya Sony, Legria ya Canon, kapena ya gulu la HC la Panasonic. Ubwino wake ndi wakuti imajambula kosalekeza mpaka batire kapena khadi itatha, imatha kulumikizidwa ku magetsi, ndipo diso lake limakoka zakutali. Mwachitsanzo Sony FDR-AX43 imakoka chinthu kuwirikiza ka 20 ndi magalasi ake enieni, kotero kuti munthu ali kukhomo la tchalitchi amatola nkhope ya mlaliki popanda kusokoneza mapemphero. Ndi yosavutanso kuphunzitsa, moti mnyamata wa kwaya angaidziwe tsiku limodzi.

Apa chenjerani ndi manambala. Kukoka kulipo kwa mitundu iwiri: kwa magalasi, kumene pa bokosi amalemba kuti optical zoom, ndi kwa kompyuta ya m'kati, kumene amati digital zoom. Koyambako ndiko kwenikweni. Kwachiwiriko n'kungokulitsa chithunzi chomwecho mpaka chitaphwanyika, ngakhale pabokosi atalemba mazana angati. Chofooka cha makamera a gulu ili n'chakuti ambiri mwa iwo ali ndi sensa yaing'ono, ndiye kuti kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa diso la kamera, choncho mumdima amavutika.

WOFUNA KUDYERA KAMERA

Wachitatu ndi mnyamata kapena mtsikana wofuna kupeza chakudya pojambula maukwati, zinkhoswe ndi nyimbo za oimba. Ambiri a gulu ili amasankha makamera osintha malenzi, chifukwa sensa yake ndi yaikulu, amaona bwino pa kuwala kochepa, ndipo kamera imodzi imatola kanema ndi zithunzi zomwe. Otsika mtengo ndi akale monga Canon 600D ya mu 2011 ndi 700D ya mu 2013. Yoposerapo ndi Canon 80D ya mu 2016, imene imatsatira bwino munthu woyenda ndipo ili ndi polowetsa mahedifoni. Kenaka pali makamera opepuka a masiku ano monga Sony a6400 ya mu 2019 ndi Sony ZV-E10 ya mu 2021.

Koma walira mvula walira matope. Makamera ambiri a mtundu uwu, makamaka akale, amasiya okha kujambula akafika mphindi 29 ndi masekondi 59, chifukwa opanga ake ankapewa msonkho umene maiko a ku Ulaya ankaika pa makamera a kanema. Ena monga 600D amaduka ngakhale pa mphindi pafupifupi 12, fayilo ikakwana 4 GB. Taganizani kamera itazima pamene akwati akulumbira! Ma Sony awiri ndatchulawo alibe malire a mphindi 30 amenewa. Kumbukiraninso kuti lenzi imagulidwa payokha. Imene imabwera ndi kamera imachita bwino panja, koma ya m'tchalitchi ndi m'holo ndi yotseguka kwambiri, monga ya 50mm f/1.8, yomwe ndi imodzi mwa zotsika mtengo. Nambala yotsatira chilembo f ikachepa, kuwala kolowa kumachuluka.

WA NTCHITO ZAZIKULU

Wachinayi ndi amene wakhazikika kale, ndipo akulandira ntchito za mabungwe, za wailesi za kanema kapena za mafilimu. Ameneyu ayang'ane makamera monga Panasonic GH5 ya mu 2017, Sony a7 III ya mu 2018, kapena makamera akuluakulu a kanema monga Sony HXR-NX100 ndi a gulu la XA la Canon, okhala ndi malo olowetsa mamaikolofoni a zingwe zonenepa za XLR. Chinthu chamtengo wapatali pa GH5, a7 III ndi NX100 ndi malo a makhadi awiri, kotero kuti kamera ingalembe pa onse nthawi imodzi. Ina ikafa, inzake imapulumutsa ntchito. Wofuna kuwonjezera kandege kojambulira m'mwamba ayambe wafunsa kwa akuluakulu oona za maulendo a ndege, chifukwa kuulutsa kwake kuli ndi malamulo.

MAWU NDI THEKA LA KANEMA

Tibwerere kwa agogo aja. Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu akapanda kumveka amazimitsa kanemayo. Maikolofoni ya m'kati mwa kamera, ngakhale kamerayo ikhale yodula, imatola chilichonse chimene chili pafupi nayo: mphepo, jenereta, ngakhale mpweya wa wojambula yemwe. Lamulo lake ndi limodzi, lakuti maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa pa wolankhula. Choncho musagule kamera yopanda kabowo ka 3.5mm kolowetsa maikolofoni, ndipo ngati n'kotheka ikhalenso ndi polowetsa mahedifoni kuti muzimva zimene mukutola. Kachipangizo kotolera mawu pakokha, monga Zoom H1n, kangaikidwe paguwa kapena kulumikizidwa ku makina a zokuzira mawu a paphwando, ndipo mawuwo amadzaphatikizidwa ndi chithunzi pa kompyuta. Mwana wa mchemwali wanga akanakhala ndi kachipangizo kotere, banja lija likanakhala likumvabe mawu a gogo wawo.

NKHANI YA 4K

Ogulitsa amakonda kutamanda 4K. Tanthauzo lake ndi chithunzi cha timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, kuwirikiza kanayi chithunzi cha Full HD chimene chili ndi 1920 ndi 1080. N'zoona kuti 4K yeniyeni ndi yokongola, koma ili ndi katundu wake. Kamera yolemba mamegabiti 100 pa sekondi imadya pafupifupi 45 GB pa ola, kotero kuti khadi ya 64 GB sifika ola limodzi ndi theka. Khadi yomweyo pa Full HD ya mamegabiti 25 imapitirira maola asanu. Pamwamba pa izo, 4K imafuna khadi yothamanga yolembedwa U3 kapena V30, malo ambiri osungira, ndi kompyuta yamphamvu yokonzera. Nanga n'kwanzeru kusenza zonsezi pamene kanemayo adzatumizidwa pa WhatsApp, amene amamufinya mpaka kuchepa? Full HD yojambulidwa bwino imakwanira maukwati ambiri. Ndipo 4K yolembedwa pa kamera yosadziwika dzina ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nambala ina yofunika ndi ya zithunzi pa sekondi. Magetsi athu a ESCOM amayenda pa 50 Hz, choncho kamera ikhale pa PAL, ndiye kuti zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Kamera yochokera ku America nthawi zambiri imabwera ili pa 30 kapena 60, ndipo ikajambula pansi pa nyali zina za m'holo chithunzi chimaphethira kapena kuonetsa mizere. Musanalipire, tsegulani menyu muone ngati ikulola kusinthira ku PAL.

CHINYEZI, KUZIZIRA NDI MAGETSI

Ife a ku Mzuzu tili ndi mdani amene anzathu a kumadera ouma samudziwa bwino. Mzinda wathu uli pamtunda, mvula yake ndi yambiri ndipo imachedwa kusiya, ndipo Salisbury Lines ali m'dambo mmene madzi ali pafupi, moti nthawi ya dzinja makoma ndi pansi pa nyumba zambiri pamachita chinyezi. Kamera ikasungidwa m'chikwama pansi pa bedi, m'kati mwa lenzi mumamera nguwi zonga ulusi wa kangaude, zimene zimadetsa chithunzi ndi kuwononga galasi. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, m'kati mwake muli timapaketi ta silika tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo chidebecho chikhale pamwamba, kutali ndi khoma. Kamera izitulutsidwa kawirikawiri kuti ione kuwala.

Kuzizira kwa m'miyezi ya June ndi July kumafooketsa mabatire, ndipo kuthima kwa magetsi sikusankha tsiku. Wojambula maukwati akhale ndi mabatire osachepera atatu, onse odzaza usiku wa Lachisanu. Ngati kamera ikulola kulandira moto kudzera pa USB, pawabanki yaikulu ndi bwenzi lenileni. Pogula, funsaninso ngati mabatire ndi tchaja ya mtundu umenewo zimapezeka mosavuta m'dziko muno, chifukwa kamera yosowa batire ndi mwala chabe.

KUGULA YOGWIRITSIDWAPO KALE NTCHITO

Makamera ambiri amafika ku Mzuzu kudzera njira ziwiri: ya Dar es Salaam polowera pa chipata cha Songwe, ndi ya abale athu a ku South Africa. Ambiri mwa iwo ndi akale, ndipo zimenezi sizoipa ngati wogula ali maso. Safunsa anadya phula. Musatumize ndalama chinthu musanachigwire. Tengani khadi yanu, mujambule kosalekeza kwa mphindi zosachepera 20 kuti muone ngati kamera ikutentha kapena kuzima. Jambulani khoma loyera kapena thambo, muone ngati pali timadontho tosasuntha. Walitsani tochi m'kati mwa lenzi kuti muone nguwi ndi zokala. Lowetsani maikolofoni, muyese mabatani onse, ndipo mukaonere kanemayo pa kompyuta, osati pa kagalasi ka kamera kokha. Pemphani lisiti yolembedwa nambala ya kamerayo, poopa kugula katundu wobedwa. Woitanitsa kunja awerengeretu msonkho wa pachipata. Makhadi nawo alipo achinyengo, olembedwa kukula kumene alibe, amene amataya ntchito yonse mwakachetechete. Gulani kwa wogulitsa wodalirika ndipo muidzaze khadiyo kunyumba poiyesa musanapite nayo kuntchito.

KAGAWIDWE KA NDALAMA

Owerenga ena adabwa kuti sindinatchule mitengo. Ndachita dala. Makamera onse ndi ochokera kunja, ndipo ndalama yathu ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero mtengo wolembedwa lero ungakhale bodza mwezi wamawa. Chimene sichisintha ndi kagawidwe. Uphungu wanga ndi wakuti kamera ndi lenzi zisadye kupitirira theka la ndalama zanu. Theka linalo ligule maikolofoni, miyendo yolimba, mabatire, makhadi, nyali yaing'ono ya batire ndi chosungiramo ntchito. Ngati mulibe kompyuta yokonzera kanema, iwerengereni pamodzi, kapena mugwirizane ndi mnzanu amene ali nayo.

Koposa zonse, musalowe katapila chifukwa cha kamera. Maukwati ali ndi nyengo yake, koma chiwongoladzanja sichidziwa dzinja. Ndi bwino kuyamba mwa kunyamulira chikwama wojambula wodziwa, kenaka kubwereka kamera pa tsiku la ntchito n'kulipira mwini wake, kufikira makasitomala atachuluka moti kugula yanu kukhale kwanzeru. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mwana wa mchemwali wanga anatsata njira imeneyi. Anagwira ntchito pansi pa mnzake wodziwa kwa chaka chathunthu, ndipo lero ali ndi Canon yakale, lenzi imodzi yabwino, mabatire anayi ndi kachipangizo kotolera mawu kamene amakaika patsogolo asanatsegule ndi kamera yomwe. Pa ukwati uliwonse amafunsa eni ake kuti amuuze achikulire amene adzalankhule, ndipo amayamba wapita kukawakoleka maikolofoni. Kamera yonyezimira ija ikadali pawindo pake, ana amaseweretsa.

M'chigawo chotsatira tidzaona mmene wojambula angapangire pangano lomveka ndi eni ukwati, ndi mmene angasungire ntchito yake kuti isatayike pakapita zaka.